Matayala a kaunjika ku Harare: kutsika mtengo sikupulumutsa ndalama

HARARE - M'madera okhala anthu ambiri mumzinda wa Harare, makamaka pa msika wa Siyaso ku Mbare ndi wa Gazaland ku Highfield, matayala a kaunjika amayenda malonda chifukwa ndi otsika mtengo poyerekeza ndi atsopano.

Ambiri mwa ogula ndi eni maminibasi, omwe kuno amatchedwa kombi, komanso oyendetsa timagalimoto tonyamula anthu totchedwa mushikashika. Matayala awo sakhalitsa kaamba ka maenje a m'misewu, yomwe boma la Zimbabwe linalengeza mu February 2021 kuti yafika pa mlingo wa ngozi yogwera dziko lonse.

Komabe mtengo pawokha suuza wogula ngati tayala lidzagwira msewu nyengo ya mvula ikayamba mu November. Zambiri zofunika kudziwa zimaoneka pa tayala lenilenilo.

Choyamba ndi kuya kwa mano ake. Ngalande za pakati pa manowo ndizo zimachotsa madzi pansi pa tayala, ndipo zikafafanizika galimoto imaterereka ngakhale dalaivala aponde mabuleki. M'ngalandezo muli timizere totukuka mamilimita 1.6, ndipo mano akalingana nato ndiye kuti tayala latha.

Chachiwiri ndi msinkhu. Kuyambira chaka cha 2000, manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT amasonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya 2019. Mphira imauma n'kuchita ming'alu ndi zaka, choncho kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala lichotsedwe likakwanitsa zaka 10, ngakhale likuoneka labwino.

Chachitatu ndi katundu ndi liwiro. Chizindikiro cha 91V chikutanthauza kuti tayala limanyamula makilogalamu 615 ndipo limapirira liwiro la makilomita 240 pa ola. Minibasi yodzaza anthu imafuna matayala okhala ndi chilembo cha C, monga 195R14C, omwe ali ndi m'mbali molimba. Tayala la galimoto yaing'ono likaikidwa pa minibasi limatentha ndipo likhoza kuphulika.

Palinso kusankha pakati pa kugwira msewu ndi kukhalitsa. Matayala opangidwira magalimoto othamanga ali ndi mphira yofewa yomwe imamatirira bwino pa phula koma imatha msanga, ndipo opyapyala m'mbali amatupa akagunda dzenje. Magalimoto ena ochokera ku Japan amafika ndi matayala a nyengo ya chipale, omwe amaperepeseka mofulumira pa msewu wotentha.

Njira yodziwira phindu ndi kugawa mtengo wa tayala ndi makilomita amene lingayende. Tayala la theka la mtengo lomwe latsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mano ake limadya ndalama zambiri kuposa latsopano, ndipo chiopsezo chake chimagwera anthu okwera, omwe sakhalapo pamene likugulidwa.