Fayilo ikakana kutsika phiri: mmene maofesi amatetezera zosunga za mafoni awo

Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zinalowa m'makompyuta a nthambi yopanga mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Kwa masabata angapo anthu sanathe kulandira mapasipoti. Zikatere, funso loyamba limene akatswiri amafunsa ndi lakuti: kodi kope lina la mafayilo lilipo, ndipo lili kuti?

Funsoli si la maofesi akuluakulu a ku Lilongwe okha ayi. Ine ndimakonza makompyuta m'maofesi ang'onoang'ono a ku Mponela, Dowa ndi Ntchisi, ndipo lero ndikufuna tione chinthu chimene ambiri sachiganizira: zosunga za mafoni a mu ofesi.

Ofesi ikakhala ndi mafoni ambiri pa nambala imodzi, pamakhala kabokosi kotchedwa PBX. Kameneka ndi kakompyuta kamene kamadziwa kuti woyimba akadina 1 apite kwa akalaliki, akadina 2 apite kwa osunga ndalama. Kamasunga manambala, mauthenga amawu, ndi mndandanda wa amene anayimba. Mphezi ikakawomba, monga zimachitikira kumapiri kuno nthawi ya dzinja, zonsezo zapita. N'chifukwa chake usiku uliwonse kabokosiko kamamanga zonse mu fayilo imodzi n'kuitumiza ku kompyuta ina yakutali yotchedwa seva. Ndiyo backup imeneyo. Agogo anu amachita zomwezo akamasunga mbewu ina pamwamba pa moto kukhitchini, ina kwa achibale kutsidya la mtsinje.

Koma fayiloyo ili ndi manambala ndi mawu a anthu, ndiye singangoyenda poyera. Njira yakale yotumizira mafayilo, FTP, inayamba mu 1971, ndipo imatumiza ngakhale pasiwedi osaibisa. Mu 1995 Tatu Ylönen wa ku Finland, ataona kuti mapasiwedi akubedwa pa netiweki ya yunivesite yake, anapanga SSH, njira yosokoneza uthenga kuti wougwira panjira asaumve. SFTP ndi kutumiza mafayilo kudzera mu SSH, ndipo kawirikawiri imalowera pa khomo nambala 22 la seva. Kuno kwathu lamulo la Data Protection Act la 2024 likuti wosunga zinsinsi za anthu azisamale, choncho nkhaniyi si yongofuna mwini.

Chaka chatha anandiitana ku kopaletivi ina ya alimi a soya ndi nyemba cha ku Ntchisi. Backup yawo inali itasiya kufika ku seva ya ku Lilongwe kwa masabata atatu, popanda amene anazindikira. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi imafuna kuyenda sitepe imodzi imodzi, monga mmene mumachitira mu labu: kusintha chinthu chimodzi, kuona zotsatira, kenako china.

Choyamba ndinaona ngati msewu ulipo. Ndinatumiza kauthenga koyesera kotchedwa ping, seva inayankha. Ndiye kuti netiweki ilipo. Chachiwiri ndinagogoda pa khomo 22, linali lotsegula. Chachitatu ndinatsegula log, kabuku kamene makina amalembamo zonse zimene achita. Mmenemo munali chiganizo chobwerezedwa usiku uliwonse chonena kuti chizindikiro cha seva sichikugwirizana ndi chimene kabokosi kamachidziwa.

Apa pali sayansi yokoma. Seva iliyonse ya SSH ili ndi kiyi yakeyake, ndipo kuchokera ku kiyiyo kumatuluka mzere wa zilembo ndi manambala umene uli ngati chidindo cha chala. Tsiku loyamba kulumikizana, kabokosi kamasunga chidindocho. Tsiku lina chikasintha, kamakana kutumiza, chifukwa mwina pali wina wakhala pakati n'kumanamizira kuti ndi seva. Nditayimbira a ku Lilongwe, anandiuza kuti anagula seva yatsopano n'kuipatsa adiresi yakale. Kabokosi kanaona nyumba yomweyo koma nkhope yachilendo, basi kanakana kupereka katundu. Kanachita bwino, eti?

Mkulu wa ofesiyo anandifunsa kuti, "Achimwene, simungangozimitsa zofufuzazo kuti zinthu ziyende?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, zimenezo n'chimodzimodzi kuchotsa chitseko chifukwa kiyi yavuta." Tinapempha a ku Lilongwe kuti atiwerengere chidindo chatsopano pa foni, chilembo ndi chilembo, ife tikuyerekeza ndi chimene chinali pa sikirini. Zitagwirizana, tinachivomereza.

Mmawa mwake fayilo inafika, koma yoduka. Apa ndiye panafunika masamu a Fomu 2. Fayiloyo inali ya 600 MB. Byte imodzi ili ndi ma bit 8, ndiye 600 kuchulukitsa ndi 8 ndi 4,800 megabit. Intaneti ya pamenepo inkatumiza pafupifupi megabit imodzi pa sekondi. Ndiye kuti masekondi 4,800, amene ndi mphindi 80. Koma kabokosi kanauzidwa kuti kakadikira mphindi 60 kasiye. Mwaona pamene panali vuto?

Mungafunse kuti bwanji intaneti ikuchedwa chonchi. Yankho lili m'mapiri momwemo. Mafunde a wailesi amene mafoni amagwiritsa ntchito sadutsa bwino m'phiri, ndipo amafooka akamapita kutali ndi nsanja. Ofesi imene ili m'chigwa, kuseri kwa phiri, imalandira mafunde ofooka kuposa imene ikuyang'anana ndi nsanja. N'chifukwa chake mumaona anthu akukwera pachulu kuti ayimbe foni. Ife tinakweza kabokosi ka intaneti pamalo ooneka nsanja, tinawonjezera nthawi yodikira, ndipo tinachotsa mu fayilo mauthenga akale amene anali atasungidwa kale kwina. Tinaonanso batire losungira magetsi, chifukwa magetsi akathima pakati pa ulendo fayilo imadukanso.

Tingadziwe bwanji kuti fayilo yafika yathunthu? Pali masamu otchedwa SHA-256 amene amawerenga fayilo yonse n'kutulutsa zilembo ndi manambala 64. Mukasintha kadontho kamodzi kokha mu fayilo, zotulukazo zimasinthiratu. Mzere wa ku Ntchisi ukafanana ndi wa ku Lilongwe, fayilo ndi yomweyo. Pomaliza tinatenga fayiloyo n'kuibwezeretsa pa kompyuta ina kuti tione ngati manambala onse abwerera, pakuti mbewu imene simunaiyese ngati imamera simungaidalire.

Akatswiri amatsatira lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Inunso liyeseni sabata ino. Manotsi a MSCE amene ali mu foni yanu, kapena ya makolo anu, akopereni pa memori khadi kapena fulashi, kope lina mulitumize ku imelo yanu. Mukatero, tsegulani kope lililonse muone ngati likuwerengeka mpaka tsamba lomaliza.