Kusintha mababu a nyali za nkhungu: zimene oyendetsa galimoto ku Kabwe ayenera kudziwa

KABWE – Nyengo yozizira ikafika m'miyezi ya Juni ndi Julaye, oyendetsa galimoto amene amalawirira m'bandakucha kuchoka mu tauni ya Kabwe kupita ku Lusaka kapena ku Kapiri Mposhi nthawi zina amakumana ndi nkhungu m'malo otsika a m'madambo ndiponso pafupi ndi mtsinje wa Mulungushi. Chisanu chikatha, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamabwera utsi wa tchire lotenthedwa pamodzi ndi fumbi. N'chifukwa chake ambiri amathamangira kukagula mababu owala kwambiri oika m'nyali zing'onozing'ono za pa bampa, zimene anthu amazitcha mafogi.

Tauni ya Kabwe, yomwe ndi likulu la chigawo cha Central, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka, pa msewu waukulu wa Great North Road. Pamsewu umenewu pamadutsa malole opita ku Copperbelt, ku Congo ndi ku Tanzania, mabasi akuluakulu, komanso anthu apanjinga onyamula matumba a makala amene kawirikawiri alibe nyali iliyonse. Mu 2024 boma linakhazikitsa ntchito yokuza msewuwu kuchokera ku Lusaka mpaka ku Ndola, koma paliponse pamene galimoto zimaphonyana popanda chotchinga pakati, nyali ya munthu mmodzi ikathobwa mnzake m'maso, woyamba kukhala pangozi ndi amene akuyenda m'mbali mwa msewu.

Nkhungu ndi timadontho ta madzi tating'ono kwambiri toyandama mumpweya. Kuwala kukagunda timadonthoti kumamwazika, ndipo kwina kumabwerera m'maso mwa woyendetsa. Ndiye chifukwa chake munthu akayatsa nyali zoona patali m'nkhungu amangoona ngati patsogolo pake paima khoma loyera. Nyali ya nkhungu inapangidwa kuti ipewe vuto limeneli. Imaikidwa pansi, imamwaza kuwala m'lifupi kuti m'mphepete mwa msewu muoneke, ndipo kuwala kwake kumadulidwa pamwamba kuti kusakwere m'mwamba. Malamulo a bungwe la United Nations okhudza nyali za galimoto, amene mafakitale ambiri amatsatira, amati nyali imeneyi isakhale pansi kuposa masentimita 25 kuchokera pamsewu, ndiponso isakwere kuposa nyali zikuluzikulu zoona pafupi.

Apa ndi pamene ogula ambiri amasochera. Chimene chimachititsa kuti nyali ya nkhungu igwire ntchito ndi kumene kuwala kukulowera. Kumbuyo kwa babu kuli mbale yonyezimira yomwe inaumbidwa molingana ndi malo enieni a kawaya kowala ka mkati mwa babuyo. Kawayako kakasuntha ngakhale ndi mamilimita ochepa, kuwala kumabalalika, kwina kumapita m'mwamba, ndipo nyali imene inayenera kuthandiza imayamba kupanga khoma loyera lija.

Galimoto zambiri za ku Kabwe n'zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, ndipo nyali zake za nkhungu zimalandira mababu osiyanasiyana. Odziwika kwambiri ndi H3 ndi H11, omwe ndi a mawati 55, HB4 wa mawati 51, H8 wa mawati 35, ndi H16 wa mawati 19 okha. Nambala ya babu imalembedwa patsinde pake ndiponso m'buku la galimoto. Vuto ndi lakuti H8, H11 ndi H16 amafanana kwambiri maonekedwe, moti wina akhoza kukakamiza babu wa mawati 55 kulowa m'malo a babu wa mawati 19. Nyaliyo imawala bwino masiku oyambirira, koma galasi la nyali zambiri zotere ndi la pulasitiki yomwe sinapangidwire kutentha kotero. Pakapita nthawi galasilo limachita chikasu kapena kupindika, ndipo mbale yonyezimira imapsa n'kuda.

Mababu a mawati 100 amene amagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto ali ndi vuto linanso, la mawaya. Pa batire ya mavoti 12, babu wa mawati 55 amakoka maampeya pafupifupi 4.6, pamene wa mawati 100 amakoka opitirira 8. Mababu awiri otere amakoka maampeya opitirira 16, chonsecho fyuzi ya nyali za nkhungu m'galimoto zambiri zing'onozing'ono ndi ya maampeya 10 kapena 15. Fyuziyo ikapsa, ena amaikapo yaikulu kapena kumangapo kawaya wamba. Potero amachotsa mlonda amene amateteza galimoto ku moto, pakuti chimene chimatsala kuti chitenthe ndi mawaya enieniwo.

Masiku ano ambiri amakonda mababu a LED, ndipo pali zifukwa zomveka. Amakoka magetsi ochepa, amayaka nthawi yomweyo, ndipo abwino amakhalitsa. Koma LED ilibe kawaya kowala. Kuwala kwake kumachokera pa tizidutswa tathyathyathya toikidwa m'mbali mwa babu. Ngati tizidutswato sitikhala pamalo enieni pamene panali kawaya ka babu wakale, mbale yonyezimira imaponya kuwala kosayenera. Dziko la Germany linavomereza koyamba babu wa LED wolowa m'malo mwa wa halogen mu 2020, ndipo chilolezocho chinali cha mitundu ya galimoto yokhayo imene anaiyesa. Zimenezi zikusonyeza kuti babu wolembedwa pa katoni kuti amakwana m'galimoto iliyonse ndi wofunika kumukayikira. Mababu a HID, amene ena amawatcha xenon, ndiwo osayenera kwenikweni m'nyali yopangidwira halogen, chifukwa amathobwa m'maso koopsa ndipo amatenga timphindi kuti afike pa kuwala kwake konse.

Palinso mkangano wakale wa mtundu wa kuwala. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kuwala kwachikasu kumaboola nkhungu. Dziko la France linalamula nyali zachikasu pa galimoto mu 1936 ndipo linathetsa lamulolo mu 1993. Akatswiri a sayansi anapeza kuti timadontho ta nkhungu timamwaza mitundu yonse ya kuwala pafupifupi mofanana, motero chikasu sichifika patali kuposa choyera. Ubwino wake uli m'maso mwa munthu: kuwala kwachikasu kukabwerera sikuwawa m'maso ngati koyera kobiriwira ngati mtambo. Pa katoni mtundu umenewu umalembedwa ndi nambala yotsatiridwa ndi K. Babu wa 3000K ndi wachikasu, pamene wa 6000K ndi woyera kwambiri. Nambala imeneyi imanena za mtundu wa kuwala basi, ngakhale ogulitsa ena amaitchula ngati muyeso wa mphamvu.

Nthawi zambiri babu sakhala wolakwa n'komwe. Nyali za nkhungu zili pansi, kumene zimamenyedwa ndi timiyala, matope ndi madzi a mvula. Galasi lofiira ndi dothi kapena lokandika, madzi olowa mkati, ndi waya wopita ku chitsulo cha galimoto wochita dzimbiri, zonsezi zimafooketsa kuwala. Kukonza zimenezi n'kuikamo mababu atsopano a nambala yomweyo, onse awiri nthawi imodzi, kumabwezeretsa kuwala kumene mwini galimoto ankaganiza kuti kunatha. Poika babu wa halogen, galasi lake siligwiridwa ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amachititsa kuti litenthe mosafanana n'kufa msanga.

Bungwe loona za chitetezo pamsewu la Road Transport and Safety Agency, RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la 2002, limayendera nyali pamodzi ndi zina lisanapereke chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Komabe chiphasocho sichingauze dalaivala nthawi yozimitsa mafogi. Usiku wopanda nkhungu nyalizi zimawalitsa kwambiri pafupi ndi galimoto, maso amazolowera kuwalako, ndipo zinthu za patali zimaoneka mochedwa. Ngakhale m'nkhungu momwemo, zimaunika mamita ochepa okha, pamene galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Palibe babu amene angafupikitse mtunda umenewo. Chimene chimaufupikitsa ndi kuchepetsa liwiro.

Amene wasintha mababu akhoza kuyesa yekha madzulo. Galimoto iimikidwe pamalo osatsetsereka, moyang'ana khoma pa mtunda wa mamita 7.5, ndipo pakhomapo palembedwe mzere pa msinkhu wa pakati pa nyali za nkhungu. Nyalizo zikayatsidwa, malire a pamwamba a kuwala ayenera kugwera masentimita pafupifupi 10 pansi pa mzerewo. Akakwera kupitirira apo, pali kasikuluwu kumbuyo kapena pansi pa nyali kotsitsira. Ngati malirewo sakuoneka n'komwe ndipo kuwala kwangoti mbee khoma lonse, babuyo sakugwirizana ndi nyaliyo ndipo ayenera kuchotsedwa.