Ulere ndi ufulu pa mapulogalamu a seva

Mukatsegula webusayiti pafoni, kompyuta ina yakutali imalandira pempho lanu n'kukutumizirani tsambalo. Pulogalamu yochita ntchitoyi imatchedwa web server, ndipo mapulogalamu otchuka a mtunduwu ndi Apache, Nginx ndi IIS ya kampani ya Microsoft. Anthu powayerekeza amathamangira kufunsa mtengo, pomwe funso lolemera ndi lakuti: pulogalamuyo ikawonongeka, ndani ali ndi chilolezo choitsegula m'kati, ndipo ndani adzaikonza?

Chingelezi chimasokoneza nkhaniyi, pakuti mawu akuti free amanyamula zinthu ziwiri zomwe Chichewa chimazilekanitsa bwino: ulere ndi ufulu. IIS simuigula payokha, imabwera m'kati mwa Windows Server. Komabe layisensi ya Windows mumalipira, ndipo malangizo amene pulogalamuyo inalembedwa nawo, otchedwa source code, Microsoft simawaonetsa kwa wamba. Apache ndi ina. Inayamba mu 1995 pomwe akatswiri angapo ankatumizirana zigamba zokonzera seva yakale ya NCSA, ndipo mpaka lero aliyense akhoza kuiwerenga, kuisintha, ngakhale kuigulitsa. Choncho kukhala yotseguka sikuletsa malonda. Igor Sysoev anatulutsa Nginx, nayonso yotseguka, mu 2004 kuti izitha kutumikira anthu zikwizikwi nthawi imodzi. Mu 2013 panabwera NGINX Plus yolipira, ndipo mu 2019 kampani ya F5 inagula bizinesi ya NGINX pa madola pafupifupi 670 miliyoni. Amene amalipira NGINX Plus amagula zida zina zowonjezera komanso munthu womuimbira foni zinthu zikavuta usiku.

Otsutsa amati kuyala malangizo poyera ndi kupatsa mbava mapu a nyumba. Amaloza za Heartbleed, chibowo chomwe chinapezeka mu Epulo 2014 mu OpenSSL, pulogalamu yotseguka yomwe maseva ambiri a Apache ndi Nginx amadalira potetezera mawu achinsinsi. Chibowocho chinakhalamo zaka ziwiri osaoneka, ndipo umenewo ndi mlandu weniweni. Koma kubisa nakonso sikunapulumutse IIS: mu Julaye 2001 kachilombo ka Code Red kanalowa m'makompyuta oposa 300,000, ngakhale Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mwezi wa Juni. Ochuluka sanachiike, basi.

Heartbleed inaulula vuto lofanana ndi la mjigo wa m'mudzi. Madzi aliyense amatunga, koma ntchito yosonkha ndalama yogulira zipangizo mjigo ukafa imakhala ya anthu ochepa. OpenSSL inkasamalidwa ndi kagulu kakang'ono kokhala ndi ndalama zochepa, pomwe makampani akuluakulu padziko lonse ankaidalira. Patangopita milungu yochepa, makampani ngati Google, Microsoft ndi Facebook analonjeza ndalama kudzera ku bungwe la Linux Foundation. Anadzuka mochedwa, komabe anadzuka, ndipo anatha kuthandiza chifukwa khomo linali lotseguka. Pulogalamu yotsekedwa ikafooka, onse amangodikira mwini wake.

Pachifukwa chimenechi, bungwe lokhala ndi katswiri wodziwa za maseva silikusowa kanthu pa Apache kapena Nginx yaulere. Lomwe lilibe katswiri lilipire ndithu, kaya kwa F5, kwa Microsoft kapena kwa kampani yosungira mawebusayiti, koma lisanasayine pangano lifunse kuti zigamba zachitetezo aziika ndani, ndipo pakapita masiku angati.