Manambala a pa tayala ndi mtengo wake

Pambali pa tayala la galimoto yothamanga pamalembedwa manambala monga 225/45 R17 94W. 225 ndi mulifupi mwake m'mamilimita, 45 ndi msinkhu wa khoma lake, kutanthauza 45 peresenti ya mulifupimo, ndipo 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 94 akusonyeza kuti limasenza makilogalamu 670, pomwe W amalola liwiro la makilomita 270 pa ola.

Limu ikamakula, mtengo nawo umakwera. Matayala a Michelin Pilot Sport ndi Bridgestone Potenza amagwira msewu zedi chifukwa mphira wake ngofewa, komatu amatha msanga.

Woyenda m'misewu ya maenje ndimamulangiza asatsike pansi pa 45 pa msinkhu wa khoma. Khoma lalifupi likagunda dzenje limatupa, limu n'kupindika. Wokopeka ndi matayala otchipa aone ngati si akale poyang'ana manambala anayi otsiriza olembedwa pambuyo pa zilembo za DOT pambali pa tayala: 2322 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 mu 2022.