Magazi Akaundana M'mapapo, Dokotala Amayang'ana Chiyani?

Ukadzicheka ndi lezala, magazi amatuluka pang'ono kenako n'kuundana, bala n'kutsekeka. Vuto limabwera magazi akaundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo, pomwe palibe bala. Izi zimakonda kuchitikira munthu amene wagonera pabedi nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni, mayi amene wangobereka kumene, kapena wapaulendo amene wakhala maola ambiri mundege osaongolako miyendo.

Kachibulu ka magazi kaja kakathothoka, kamayenda ndi magazi, kudutsa kumanja kwa mtima, n'kukatsakamira mumtsempha wa m'mapapo ngati chisononkho mupaipi ya madzi. Madokotala amati pulmonary embolism. Amene anafotokoza bwino ulendo wa kachibuluka ndi Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1840. Ndipo usaganize kuti ndi matenda a agogo okha: Serena Williams, katswiri wa tenesi uja, anadwala mu 2011, n'kudwalanso mu 2017 atangobereka.

Odwala awiri angafike kuchipatala onse akupuma wefuwefu, chifuwa chikubaya. Wina agonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mnzake auzidwa kuti mawa apita kwawo. Kodi n'kukondera? Ayi. Kukula kwa chibulu pakokha sikunena zonse. Chimene dokotala akufuna kudziwa n'chakuti mtima ukupirira bwanji, poti mbali yake ya kumanja ili ndi minofu yopyapyala, ndipo imatopa msanga ikamakankha magazi panjira yotsekeka.

Choyamba amayeza kuthamanga kwa magazi. Nambala yapamwamba ikatsika kufika pansi pa 90 n'kukhala pomwepo, palibenso zowerengera: wodwalayo ali pangozi yaikulu, ndipo angapatsidwe mankhwala amphamvu osungunula chibulu.

Kwa enawo pali kamasamu kotchedwa PESI, kamene kanatuluka mu 2005 ndi mafunso 11, kenako mu 2010 anakafupikitsa kukhala mafunso 6. Kodi wodwala wapitirira zaka 80? Ali ndi khansa? Nanga matenda amgonagona a mtima kapena mapapo? Mtima ukugunda ka 110 pa mphindi kapena kuposa? Nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi ija ili pansi pa 100? Kachipangizo kopanira kuchala kakuonetsa okosijeni wosafika 90 pa 100? “Inde” aliyense ndi pointi imodzi. Pamayeso awa wopeza ziro ndiye wakhoza! Mwa odwala 100 otere, pafupifupi 99 amakhala ali moyo pakatha masiku 30.

Komabe dokotala wabwino sadalira masamu okha. Amaunika mtima pamakina kuti aone ngati kumanja kwafufuma, ndiponso amayeza magazi kufufuza troponin, yemwe amachuluka minofu ya mtima ikavulala. Zonse zikakhala bwino, ndipo kunyumba kuli womuyang'anira, wodwala amatulutsidwa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, oti amwe miyezi itatu kapena kuposerapo.