Chifukwa chake ndimawerenga Kangura

Anthu ena amadabwa akandiona ndikuwerenga Kangura, nyuzipepala ya chidani imene Hassan Ngeze anayambitsa ku Rwanda mu 1990. Sindifunamo choonadi chokhudza Atutsi, chifukwa mulibemo. Ndimafuna kudziwa zimene olemba ake ankafuna kuti anthu aope, ndiponso nthawi imene anayamba kufesa manthawo.

Tsiku limene chinthu chinasindikizidwa ndi umboni waukulu. Mu Disembala 1990, patangopita miyezi iwiri nkhondo ya gulu la RPF yolimbana ndi boma itayamba, Kangura inasindikiza malamulo khumi a Ahutu, onena kuti Mhutu wokwatira mkazi wachitutsi kapena wochita malonda ndi Mtutsi ndi wopereka mtundu wake. Apa mpamene ndimaima nthawi yaitali. Lamulo lotere silikanafunika ngati anthuwa sankakwatirana, sankagulitsana zinthu ndi kukhala moyandikana. Wofalitsa bodza amaulula mosadziwa moyo umene akufuna kuuphwanya. Komanso izi zinalembedwa kutatsala zaka zoposa 3 kuti kupulula anthu kwa 1994 kuyambe, choncho amene amati unali mkwiyo wadzidzidzi sindigwirizana nawo.

Kangura sinali yokha pofesa chidani: wailesi ya RTLM, yomwe inayamba kuulutsa mawu mu 1993, inakopa achinyamata ndi nyimbo ndi nthabwala, kenako n'kumatchula mayina a anthu oti asakidwe. Khoti la ku Arusha lozenga milandu ya kupulula anthuko linagwiritsa ntchito matepi ake ndi masamba a Kangura pogamula mlandu wa Ngeze ndi akuluakulu a RTLM, Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza, mu 2003.

Pophunzitsa achinyamata, ndimafuna kuti tsamba lililonse lotere liziwerengedwa limodzi ndi umboni wa anthu amene anapulumuka.