Malamulo a mabungwe a eni nyumba ku Florida

Malamulo a mabungwe a eni nyumba ku Florida ndi malamulo amene chigawo cha Florida, m'dziko la United States, chimayendetsera mabungwe oyang'anira malo okhala mabanja ambiri. M'dzikoli chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, choncho mphamvu za mabungwewa zimasiyana chigawo ndi chigawo. Wogula nyumba pamalo otere amakhala membala wa bungwe, afune asafune, ndipo amasonkha ndalama zosamalira malowo.

Mitundu ya mabungwe

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa kondominiyamu, kumene munthu amagula zipinda zake m'nyumba yaikulu, koma denga, makoma onyamula nyumba ndi masitepe zimakhala za onse. Mabungwe otere amatsata Mutu 718 wa malamulo a Florida. Wachiwiri ndi wa anthu okhala ndi nyumba pamapuloti awoawo, amene amagwiritsa ntchito limodzi zinthu monga misewu ndi mabwalo. Awa amatsata Mutu 720.

Mphamvu ndi malire ake

Lamulo limalola bungwe kutolera zopereka ndi kulipiritsa chindapusa. Munthu akalephera kulipira zopereka, bungwe lingathe kupita kukhoti kuti nyumba yake igulitsidwe. Komabe lamulo lomwelo limaika malire. M'kondominiyamu chindapusa sichiposa madola 100 pa mlandu umodzi, kapena madola 1,000 ngati mlanduwo ukupitirira, ndipo woimbidwa mlandu amapatsidwa chidziwitso cha masiku 14 kuti akanene mbali yake. Bungwe sililoledwanso kuletsa munthu kuika sola padenga la nyumba yake.

Ngozi ya ku Surfside

Pa 24 June 2021, mbali ina ya Champlain Towers South, nyumba ya nsanjika 12 m'tauni ya Surfside, inagwa n'kupha anthu 98. Nyumbayi inamangidwa mu 1981, ndipo mu 2018 injiniya anali atachenjeza kuti konkire yake yawonongeka kwambiri. Nthawi imeneyo lamulo linkalola eni nyumba kuvota kuti asamasunge ndalama zodzakonzera nyumba, ndipo mabungwe ambiri ankachita zimenezi kuti zopereka zikhale zotsika.

Mu May 2022, bwanamkubwa Ron DeSantis anasaina lamulo latsopano lotchedwa Senate Bill 4-D. Lamuloli linati nyumba za kondominiyamu za nsanjika zitatu kapena kuposa ziziyenderedwa ndi katswiri zikakwanitsa zaka 30, kenako zaka 10 zilizonse. Linalamulanso mabungwe kuwerengera ndalama zodzakonzera denga, maziko ndi mbali zina zonyamula nyumba, ndipo linachotsa mwayi wovota kuti ndalamazo zisasungidwe.

Zotsatira zake

Ndalama zimene zinkazengerezedwa kwa zaka zambiri zinayamba kufunika nthawi imodzi. M'nyumba zakale zambiri zopereka zinakwera, zomwe zinapweteka makamaka okalamba odalira penshoni, ndipo ena anaika zipinda zawo pamalonda. Madandaulo atachuluka, nyumba ya malamulo inasinthako lamuloli mu 2023 ndi mu 2025. Kusintha kwa mu 2025 kunawonjezera nthawi yomalizira kuwerengera ndalamazo kufika pa 31 December 2025, koma udindo woyendera nyumba ndi kusunga ndalama unatsalabe.